Foni ya Liezel Inali Isanazime

Liezel anali atanyamula malaya achikasu patsogolo pa foni pamene ndemanga ija inatulukira. Anaiona, koma anapitiriza kumwetulira.

"Awa ndi a abambo, alibe pong'ambika. Wofuna alembe kuti anga."

Loweruka lililonse masana Liezel ankagulitsa kaunjika pa laivi, anthu akumuonera pompopompo pa mafoni awo, iye ali pabalaza la makolo ake kunja kwa mzinda wa Iloilo. Loweruka limeneli linali lapadera. Sabata yonse anakhala akulengeza kuti ndalama zonse za tsikulo zipita ku kabungwe ka m'deralo kamene kamathandiza abambo odwala khansa ya pulositeti kuti akayezetse ndi kukalandira chithandizo. Oonera anapitirira mazana atatu, ndipo ena ankatumiza ndalama osagula kanthu.

Ndemangayo inachokera kwa Manang Corazon, mayi wogulitsanso kaunjika kumsika, amene makasitomala ake ambiri anali atathawira kwa Liezel. Analemba kuti masiku ano aliyense wokhala ndi foni wasanduka bungwe, ndipo ngati wodwalayo alipodi, amuonetse. Sipanathe mphindi, ena anayamba kuvomereza. Wina anafunsa kuti mtsikana wogulitsa zovala adziwa chiyani za matenda a abambo. Wina analemba kuti am'bwezere ndalama zake.

Liezel anayang'ana mayi ake, a Perla, amene ankapinda zovala pakona posafika kamera. A Perla anapukusa mutu pang'onopang'ono.

Wodwalayo analipo, kuseri kwa katani, m'chipinda. A Domeng Salcedo, bambo ake a Liezel, anali atayendetsa kabaza wa njinga yamoto ya matayala atatu kwa zaka makumi atatu. Miyezi isanu m'mbuyomo anachitidwa opareshoni, ndipo kabungwe komweko ndiko kanawathandiza. A Domeng anauza anzawo a pa siteji kuti inali miyala ya mu impso. Chichitireni opareshoniyo mkodzo unkawapulumuka, moti ankavala matewera a akuluakulu, ndipo analumbiritsa a m'nyumba kuti zimenezi zisatuluke pakhomo. Liezel atawauza za laiviyo, anamulola, koma anati dzina lawo lisamveke ngakhale mwangozi.

Choncho Liezel anangonena kuti pepala lochokera ku bungwelo adzaliika poyera kuti aliyense alione. Oonera anayamba kuchepa.

Mvula yomwe inkaopseza chiyambire m'mawa inafika ndi mphepo, malata n'kuyamba kulira. Magetsi anazima, nyale yoyang'ana kumaso kwa Liezel inathima, ndipo chithunzi pa foni chinauma. Liezel anaponya malaya aja pampando n'kugwira nkhope.

"Yaduka, Nanay," anauza mayi ake. "Mwina ndi bwino."

A Domeng anamva zimenezo. Anakankha katani n'kutuluka atagwira buluku lawo m'chiuno, n'kudzaima kumbuyo kwenikweni kwa mwana wawo.

"Perla, matewera anga aja mwaika kuti? Kapena asakanikirana ndi zovala zanuzi? Ndanyowa kachiwiri tsopano. Dokotala wa khansa uja anati pofika pano zikhala zitasiya, koma onani."

Liezel anadzutsa mutu kuti awayankhe, maso ake n'kugwera pa foni. Kadontho kofiira kanali kakuyakabe. Foniyo inali italumikizika yokha pa bandulo, ndipo chithunzi chinkayenda. M'menemo munali iye, ndi bambo ake, ndi banga lakuda kutsogolo kwa buluku lawo. Ndemanga zinkathamanga kukwera m'mwamba. Wina anafunsa ngati amenewo sanali a Domeng a kabaza. Kenako panabwera liwu limodzi lokha, limene amuna kumeneko amaitanira mnzawo wapamtima, lochokera kwa a Nestor Gallego, mnzawo wa pa siteji: "Pare?"

A Domeng anawerama n'kuliwerenga. Anadziona okha pa foniyo, nkhope yawo ili pafupi.

"Zimitsa," anatero motsitsa mawu.

Liezel anazimitsa. M'nyumba munangomveka mvula.

"Unalonjeza, Inday," anauza mwana wawo.

"Sindinanene ine, Tatay. Ndimayesa yaduka."

"Foniyo ndi ya yani?"

Sanadikire yankho. Analowa kuchipinda, anasintha, kenako anatuluka panja n'kukakhala pansi pa kashedi kamene ankaimikamo njinga yawo. A Perla anawatsatira ndi khofi, koma anabwerera naye. Anauza Liezel kuti asiye kulira, madzi akatayika saoleka.

Liezel anafufuta kanemayo, koma ankadziwa kuti pa anthu onse aja sipangalephere wina amene anajambulako. Panalinso vuto lina. Manang Corazon anali atalemba kale pa tsamba lawo kuti mtsikana uja wafunsidwa mafunso ndipo wathawa ndi ndalama za anthu. Ena ankawatsutsa, ena ankawavomereza, ndipo dzina la kabungwe lija linali pakati pa mkanganowo. Kuti Liezel abwerere pa laivi, aliyense akanafunsa za bambo ake. Kuti akhale chete, ndiye kuti a Corazon anena zoona. Anakhala pampando foni ili pamiyendo, ikungonjenjemera.

Patapita theka la ola panamveka njinga yamoto pageti. Liezel anasuzumira pawindo. Anali a Nestor, munthu amene pa siteji ankapatsa aliyense dzina lachipongwe, ndipo dzinalo silinkachoka mpaka kumanda. Mwa anthu onse a mu Iloilo, ameneyu ndiye a Domeng ankamuopa.

A Nestor analowa m'kashedi akudontha madzi, n'kukhala pa chigubu.

"Miyala ya mu impso ija, Pare, inali yaikulu bwanji?"

"Ngati wabwera kudzaseka, seka msanga uzipita. Ukawauzenso anzako aja dzina limene wandikonzera."

A Nestor sanaseke. Anavula chipewa, anachifinya, kenako anapempha kupita kuchimbudzi cha panja. Anakhalako nthawi yaitali. A Domeng anakhala akuyang'ana chitsekocho, ndipo pang'onopang'ono nkhope yawo inasintha, chifukwa kukhalitsa kumeneko ankakudziwa.

A Nestor atabwerera sanawayang'ane m'maso.

"Zinayamba liti?" anafunsa a Domeng.

"Chaka chatha. Ndikaima, timadontho basi. Sabata yatha ndinaona magazi."

A Nestor anati akazi awo sakudziwa, ana awo a ku Manila sakudziwanso. Ankamwa masamba owiritsa amene munthu wina kumsika anawagulitsa. Anaonera laivi ya Liezel ali pa siteji, foni ataibisa pansi pa jekete, chifukwa ankafuna kumva ngati mwanayo atchule kumene munthu angayambire. Ndiyeno anangoona mnzawo watulukira.

"Akuti amayeza ndi chala," anatero a Nestor.

"Amayamba ndi magazi. Chalacho n'cha mphindi imodzi. Iwe wakhala pa chishalo chong'ambika chija zaka makumi awiri, lero ukuopa chala?"

A Nestor anaseka pang'ono, kuseka kosafika patali. Kenako anafunsa zimene anabwerera. Anafunsa ngati munthu amakhalabe mwamuna akatuluka kumeneko. A Domeng anati zina zinasintha, ndipo sanganame kuti sizipweteka mtima, koma mwezi wamawa adzakhalapo pa ubatizo wa mdzukulu wawo, pomwe munthu amene anagona naye chipinda chimodzi kuchipatala, amene anachedwa kupita, anaikidwa m'manda Isitala isanafike.

"Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko, Pare. Lolemba ndikupeza kwanu," anatero a Domeng.

"Usanditchule kwa munthu."

"Ine ndiye ndikudziwa kubisa. Wandiona."

A Nestor atapita, a Domeng analowa m'nyumba. Magetsi anali asanayake. Anaima pakhomo n'kufunsa Liezel zimene anthu ankalemba, ndipo iye anawawerengera zonse, za a Corazon zomwe, osadumpha. A Domeng anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako anakoka mpando n'kuuika pafupi ndi windo pamene panali kuwala.

"Yatsa."

"Tatay, simukukakamizidwa."

"Anandiona kale nditanyowa. Andionenso nditauma."

A Perla anadzakhala pambali pawo. A Domeng sanalankhule zambiri. Anatchula dzina lawo ndi siteji yawo, anatchula matendawo ndi dzina lake, anafotokoza mmene anayambira ndi zimene kabungweko kanawachitira. Anati mwamuna aliyense amene akuchedwa kuchimbudzi akudzidziwa yekha. Pakati pake mawu anawathera, ndipo Liezel ananyamula diresi n'kuyamba kuligulitsa mpaka iwo atapezanso mpweya. Manang Corazon sanalembenso kanthu. Ena anapepesa, ndipo panali mmodzi kapena awiri amene anaikabe tinkhope toseka. A Domeng anationa.

Lolemba m'mawa anadzuka msanga, anavala, n'kuliza njinga. Njira yochokera kwa a Nestor kupita kuchipatala inkadutsa pa siteji penipeni, ndipo panalibe ina. Anzawo anali ataima kale pamzere, makapu a khofi ali m'manja. Ataona a Nestor atakhala pampando wa okwera, chipewa chitatsitsidwa mpaka pamphuno, onse anatembenuka. Mmodzi anakuwa kufunsa kuti awiriwo akulowera kuti m'mawa choncho, nanga njinga ya a Nestor yatani.

A Nestor anagwira chitsulo cha pambali mwamphamvu. A Domeng anachepetsa liwiro kuti aliyense amve bwino.

"Ndikupita kusikelo ndi matewera anga," anatero. "Uyu akungondiperekeza."

Anthu anaseka, ena mwamanyazi, ndipo njinga inapitirira.