Ubweya Wopotedwa Kawiri

Za thanga la ubweya anaziyambitsa ndi Halvard, mmisiri wa ngalawa pachilumba china cha kumaiko ozizira, munthu woti akagwira ganizo salitaya ngakhale mumuthire madzi. Atamaliza kukhoma ngalawa yonga ya makolo akalekale, anakana kuiveka thanga la m'sitolo, chinsalu chokolera mphepo chija. Ankafuna la ubweya wa nkhosa, lopota ndi kuwomba pamanja, monga ankachitira anthu zaka chikwi zapitazo. Amuna ndi otero: kulota amalota iwo, koma zala zotupa zimakhala za akazi.

Ntchitoyo inagwera Gunnvor ndi mkulu wake Borghild, amayi achikulire amene ankakhala nyumba imodzi chimwalirireni amuna awo. Gunnvor ndiye ankawomba. Chowombera chake chinali mitengo yoyedzamira khoma, ulusi ukulendewera, kunsi kwake atamangako miyala yoboola kuti ukungike. Akamawomba, miyalayo inkagundana gobedegobede, mpaka mphaka anasamukira kukhola. Borghild ndiye ankapota, ndi kamtengo kokhala ndi kamwala kozungulira. Pachilumba chonse panalibe wopota ngati iye, ndipo mwiniwakeyo sankabisa. Mtsikana wodzaphunzira akamuonetsa ulusi, iye ankangoukoka kamodzi, ukaduka n'kumubwezera. Ena ankakalirira kuseri kwa khola.

Chaka chachitatu cha ntchitoyo, mutu wa Borghild unayamba kutaya zinthu. Anayamba ndi makiyi, kenako masiku, kenako mayina. Pofika nyengo yachisanu, mng'ono wake ankamuitana kuti "mayi inu", ngati mlendo wodzagulitsa nsomba. Ankatuluka panja wopanda jekete kukafuna amayi awo, amene anagona kumanda kalekale. Namwino woyendera odwala ananena mosapita m'mbali kuti zikapitirira chonchi, Borghild ayenera kukakhala kunyumba yosungira okalamba, kutsidya kwa nyanja. Gunnvor anamuthirira khofi namwinoyo, koma mumtima anamutukwana.

Chinalipo chinthu chimodzi chokha chimene chinkamukhazika pansi Borghild. Akamuikira ubweya pamiyendo, kamtengo kaja m'manja, ankakhala pawindo tsiku lonse akupota, akung'ung'udza kanyimbo, osafunsa za amayi kapena za khomo. Gunnvor ankadziwa bwino kuti tsiku limene kamtengoko kadzaleke kuzungulira, ndi lomwelo mkulu wake adzakwere boti.

Koma ulusi unasintha. Pena unkatuluka wonenepa, pena woonda ngati tsitsi. Kale Borghild ankasiyanitsa ubweya wautali wapamwamba, wolimba uja, ndi wofewa wamkati, tsopano ankangosakaniza. Gunnvor ataukoka, unaduka osalimbana naye n'komwe. Pansi pa thanga limenelo panali poti padzakhale ana a eni, pakati pa nyanja yosaseka ndi munthu. Ulusi wotere sakanauwomba.

Kumangomupatsa ubweya watsopano kuti aziononga sikukanathekanso. Nkhosa zachikale zija, zing'onozing'ono zamakani, sazimeta. Amadikira chisanu chithe, ubweya uyambe kuthothoka wokha, n'kumauzula ndi zala, kamodzi pachaka. Wa chaka chimenecho unali wongokwanira chigawo chomaliza cha thanga. Gunnvor anayesapo kumugulira wa m'sitolo, woyera mbee, koma Borghild anangoununkhiza n'kuuponya pansi, ati umenewo sunaonepo nkhosa.

Ndiye Gunnvor anapatula dengu limodzi. Masana Borghild akagona, iye ankatenga ulusi wa tsikulo n'kupita nawo kukhola, kuumasula pang'onopang'ono, kuupesa ndi zipeso zachitsulo, n'kuubwezera m'dengu ngati watsopano. Ulusi weniweni wa thanga ankapota yekha komweko, wosafika pa wa mkulu wake wakale, koma wolimba. Zinkamupweteka. Kunama sikunali khalidwe lake, ndipo apa ankanamiza munthu amene anamuphunzitsa kugwira chipeso.

Tsiku lina Halvard anamupezerera akumasula.

"Mayi Gunnvor, anzanu amapita kutsogolo, inu mukubwerera m'mbuyo?"

"Kakhomeni misomali yanu, bambo Halvard. Za ulusi zisiyeni."

Halvard anayang'ana dengu, anayang'ana kuwindo kumene kunkakhala Borghild, nthabwala n'kumuthera. Anavula chipewa, anati thangalo silikuthamangira kulikonse, ndipo anachoka osamwa khofi, chinthu chimene sanachitepo chibadwire.

Zinayenda choncho mpaka chipale chofewa chinayamba kusungunuka. Koma ubweya si madzi oti muziwathira uku ndi uku. Ukapotedwa n'kumasulidwa kambirimbiri umafupika, mafuta ake amatha, umauma.

M'mawa wina, atadya buledi ndi tchizi chofiirira, Gunnvor anaika dengu pafupi ndi mpando monga mwa masiku onse. Borghild anatapamo, anaufikisa pakati pa zala, ndipo sanayambe kupota. Anaufikisanso.

"Mayi inu, ubweya uwu ndi wakufa. Unapotedwapo kale."

Gunnvor anati mwina wangouma ndi moto wa m'nyumba. Borghild sanamumvere. Maso ake anali atagwera pa mpukutu wa ulusi wadzulo, umene Gunnvor anauiwala patebulo chifukwa cha kutopa. Anautenga, anakulunga nsonga kuchala monga ankachitira ndi atsikana aja, anakoka. Unaduka. Anakoka pena, unadukanso.

"Wapota izi ndani?"

"Mtsikana wina wophunzira, achemwali."

"Mulandeni kamtengo. Ameneyu adzamiza anthu."

Mawu ake anali akale aja, akuthwa, a Borghild weniweni, ndipo Gunnvor sanadziwe kuti asangalale kapena alire. Akanatha kutenga mpukutuwo n'kuubisa, mwina nkhaniyo ikanaiwalika khofi asanazizire. Koma Borghild anali atatola kale kamtengo kake. Panali patatsalira ulusi pang'ono, wa dzulo lomwelo. Anauyang'ana, anauyerekeza ndi wa pampukutu, ndipo anaukoka. Unaduka chimodzimodzi.

Kamtengoko sakanakasokoneza ndi ka wina: anamusemera ndi bambo awo, ndipo panali pamene chala chake chinafula dzenje. Kenako anakweza maso, ndipo Gunnvor anaona kuti akumuzindikira, koyamba chiyambireni chisanu.

"Gunnvor, wawombapo wanga wotereyu?"

"Ayi, achemwali. Ngakhale pang'ono."

"Wachita bwino."

Anatambasula dzanja n'kumupatsa kamtengoko. Gunnvor anakana, anamuchonderera, anati apeza ubweya wabwino, Halvard akapempha kuchilumba china, thanga lidikire chaka chamawa. Anamukokera kuchipinda kukamuonetsa zigawo zoyamba zija, zopindidwa bwino, zonse za ulusi wake, zoti ngakhale amuna awiri sangazing'ambe. Borghild anazisisita, anavomera kuti amene anapota zimenezo ankaidziwa ntchito. Koma kamtengo sanakalandirenso.

Pofika masana anali atabwerera ku "mayi inu". Nkhani ya m'mawa anaiiwala yonse, ndipo Gunnvor analimba mtima, anamuikira ubweya watsopano pamiyendo, wa thanga weniweniwo, wonunkhira nkhosa. Borghild anabisa manja m'khwapa. Mutu unaiwala, koma manja aja, amene anakumbukira kupota pamene zonse zinatayika, anakumbukiranso kuti analeka. Mawa lake zinali zomwezo. Mkuja wake Gunnvor anamupeza kugombe, wopanda nsapato, akufunsa asodzi ngati aona amayi ake.

Borghild anakwera boti sabata imene anthu anayamba kuzula ubweya wa chaka chatsopano. Halvard ndiye ananyamula sutikesi. Gunnvor analowetsa kamtengo kaja m'thumba la jekete la mkulu wake, poganiza kuti mwina kutsidyako manja angadzasinthe maganizo. Anamuperekeza kutsidyako, anakhala naye mpaka madzulo, anamuyalira bedi, anauza anamwino kuti khofi amamwa wopanda shuga.

Atabwerera kunyumba, anapachika jekete lake pamsomali, ndipo china chake chinagunda khoma. Anapisa m'thumba. Kamtengo kaja kanali momwemo, Borghild atakabweza mwakachetechete m'boti muja. Gunnvor anakhala pampando wa pawindo, dengu la ubweya wakufa lili pambali pake, ndipo analira monga sanalirire pa maliro a mwamuna wake.