Envulopu Imene Tinyade Anang'amba

1.
Ena ankafika. Ena ankapsera m'mwamba.

Amatero a Katunga kwa aliyense wofika pakhomo pawo ku Luchenza, ngakhale wogulitsa makala. Anakalambira ku positi ofesi akusankhula makalata a eni, ndiye amafotokoza mofatsa: kale, kumaiko akutali, anthu ankalonga makalata m'roketi n'kuyatsa, kuti adumphe mtsinje kapena phiri. Maenvulopu akewo ndi amene iwo amasunga.

2.
Yoyamba anawapatsa ndi mmwenye wa sitolo ya nsalu ku Limbe, chaka chimene anamaliza sukulu ya usiku. Yowauka m'mphepete. Yomata.

Tinyade, mwana wawo yekhayo, mano akutsogolo atangoguluka, anaipeza n'kulowetsamo chala.

Ababa, mulibe kanthu!
Envulopu yotere satsegula, iwe! Waiononga!
Nanga kalata yake ili kuti?
Mumakhala mulibe. Anthu amasungira sitampa ndi chidindo.
Ndiye aitumiziranji?

A Katunga anamulanda envulopuyo. Anaikwirira pansi pa sutikesi, kunsi kwa jekete la ukwati.

3.
Tinyade atakula anabwera ndi mnyamata woyendetsa thiraki, wansapato zafumbi, wogwada bwino ndithu, koma a Katunga amene moyo wawo wonse sanafulumirepo kuweruza munthu tsiku limenelo anafulumira, nati ine kukuphunzitsa unamwino kuti uzikadikira munthu wogona m'malire a maiko, amayi ako akanakhala moyo ukanawachititsa manyazi otere, ndipo pamene mwana anati ababa tamverani kaye iwo anali atatambasula kale mkono kuloza kuchipata, ukatuluka apo usadzapondenso

4.
Anatuluka.

5.
Mvula zinagwa n'kutha, zinagwanso. Kenaka envulopu yakhaki, chidindo cha ku Cape Town, dzina lawo lolembedwa ndi dzanja lomwe analiphunzitsa okha kugwira pensulo. M'kati mwake munali envulopu ina, yakale, ya pa roketi. Chaka chotsatira, inanso. Mpaka lero chabwera ndi ichi:

ya ku Austria
ya ku Cuba
ya ku Scotland, yakuda ndi utsi
ya ku India, yonga ija
moni, ayi
keyala ya wotumiza, ayi

6.
A Nankhoma, mlongo wawo amene amawaphikira, amalankhula ndi Tinyade pa foni.

Achimwene, tangomupatsani moni. Foni iyi siluma.
Wanena kuti akufuna kumva mawu anga?
Sanatero.
Ndiye musamukakamize. Munthu akapanda kulemba keyala yake kumbuyo, ndiye kuti akuti musandiyankhe. Ndameretsa imvi pa ntchito imeneyo, alongo.
Ha! Inu ndi mwana wanuyo, mitu ngati nsangalabwi. Muzingounika mapepala opserera padzuwa ngati mukusankha mazira.

Amaunikadi. Mulibe kanthu. Amadziwa asanaunike.

7.
Kodi ukunditonza, iwe, kuti nazi zopanda kanthu zanu zija, khalani nazo? Kapena ukugogoda? Ndatembenuza mbali zonse. Sindikufuna kufulumiranso.

Ena ankafika. Ena ankapsera m'mwamba.

8.
Tsiku lina a Nankhoma akupukuta fumbi anagwetsa buku lalikulu losungiramo maenvulopu, lomwe mwini wake salola munthu kuligwira ndi manja onyowa. Linatseguka. Tsamba ndi tsamba, maenvulopu akhaki okhaokha, odulidwa bwino ndi lumo, oongoledwa makwinya.

Achimwene, mutu ukuyenda bwino? Nanga za roketi zija?
Zili m'chitini cha mabisiketi.
Zosowazo m'chitini, zotayazi m'buku?
Zimenezo zinalembedwera anthu ena, anafa kalekale. Izi n'zanga. Taonani mmene amalembera K. Mwendo umodzi wautali, ngati kale.

9.
Ya chaka chino inafika mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. A Katunga anailandira n'kuitembenuza, monga dzanja linazolowera, osayembekeza kanthu.

Kumbuyo kwake, mizere itatu. Nambala ya nyumba. Msewu. Mzinda.

Anakhala pansi pamasitepe a positi ofesi mpaka mlonda anabwera kudzafunsa ngati madala akumva chizungulire. Ayi, mwanawe. Ndigulireni sitampa ya ku Joni.

10.
Kunyumba sanatsegule chitini. Anakoka sutikesi, nachotsa jekete lonunkha mankhwala a njenjete. Inali pomwepo, yowauka m'mphepete, pakamwa pake pali pong'ambika mokhotakhota, mulingo wa chala cha mwana.

Alongo, cholembera chili kuti? Ndi pepala.
Mukufuna kumutumizira imeneyo? Mwa zonse muli nazo, mwasankha yoonongekayo?

A Katunga anaipemerera pang'ono, nayo inayasama.

Ndi yokhayi imene munthu ungaikemo kanthu.