Mphete Kudzanja Lamanzere

"Tandipatsa galasi lokulitsira lija," anatero a Lucjan, maso ali pachithunzi.

Mieszko anawapatsa monyinyirika. M'chipinda chapansi momwe opanga zidole zapulasitiki za akasinja ankhondo ankakumana munkanunkha guluu ndi penti. Patebulo panali kasinja wake wa Chijeremani, wokwana m'chikhatho. Anamupanga nyengo yonse yachisanu potsata chithunzi chimodzi chimene anapatsidwa ndi Jagna, mtsikana amene ankamukonda koma osamuuza. Kasinja weniweniyo anasiyidwa kumudzi kwa Jagna nkhondo ikutha. Chithunzicho chinajambulidwa chakumbuyo kwake, ndipo pambali panaima agogo a mayi ake a Jagna, akadali mayi wachitsikana.

Mpikisano wa zidolezo unali Loweruka mumzinda wa Lublin, ndipo Jagna anali ataitana kale abale ake onse.

"Fosholo ndi nkhwangwa waziika kumanzere," anatero a Lucjan, omwe anayamba ntchitoyi Mieszko asanabadwe. "Mabuku onse amati kumanja."

"Asilikali ankasuntha zida mmene afunira, bambo. Chithunzi sichinama."

"Paja ndiwe mphunzitsi wathu tsopano. Mayiwa anali amasiye?"

"Ayi. Amuna awo ndiwo anajambula."

"Nanga mphete ikutani kudzanja lamanzere? Kwathu kuno wokwatiwa amavala kumanja. Kumanzere n'kwa amene anaika mwamuna m'manda."

Mieszko analanda galasilo. Mphete inalidi pomwepo, kadontho koyera pachala. Anayang'ana chikhoti cha mwamuna wina amene anaima patali. Mabatani ake anali mbali ya akazi.

"Wina anatembenuza filimu potsuka," anatero a Lucjan. "Wapanga kasinja wapakalilole, mwana wanga."

Zonse zinali mbali yolakwika: fosholo, jeke, dzimbiri, mwaye, ngakhale bowo la chipolopolo limene analiboola ndi singano yamoto. Mieszko anaponya burashi pansi n'kukhala pampando. Amene anatsukitsa filimuyo anali Jagna yemwe, ndipo tsiku lomwe anabweretsa chithunzicho anachibisa m'chikhoti ngati mwana wa njiwa kuti chisanyowe.

"Madzi akatayika saoleka," anatero a Lucjan, akuthira tiyi. "Koma tamvera. Ika chithunzicho pambali pa kasinjayo. Oweruza aona bowo apa, bowo apo, agwedeza mitu. Ndani ayang'ane zala za mayi? Ine pakamwa panga ndatseka."

"Inu mwaona."

"Ine ndine nkhalamba yosowa chochita. Ukakonza, penti siuma pofika Loweruka. Ndiye mtsikana wakoyo udzamuonetsa chiyani, tebulo?"

"Si wanga."

"Eya, ndipo ine ndine wansembe."

Masitepe analira. Jagna analowa atanyamula mabanzi otentha m'pepala, chipale chofewa chili m'tsitsi.

"Mwakhala ngati pali maliro bwanji? Amalume abwereka basi yonse, akuti akufuna kuona kasinja wa agogo."

A Lucjan anayamba kupukuta magalasi awo mosamala kwambiri. Mieszko anayang'ana kasinjayo. Anali wokongola, ndipo palibe mmodzi m'basimo amene akanadziwa. Koma ankadziona ataima pambali pa Jagna tsiku lonse, akumwetulira uku akumubisira zoona.

"Jagna, chithunzi chija n'chotembenuka. Zonse ndaziika kolakwika. Kasinjayu Loweruka sindipita naye."

Jagna anaika mabanzi patebulo pang'onopang'ono.

"Ndiye ndakuwonongera ine."

"Ndinayenera kufufuza ndekha. Ndinangochikhulupirira chifukwa..." Anamezera mawu otsalawo.

"Ndikawauza chiyani amalume? Alipira kale dalaivala."

Jagna anatenga chithunzicho, n'kupita pakazenera kam'mwamba. Anachitembenuza, n'kuchiyang'ana chakumbuyo kuwala kukudutsa papepala. Anakhala choncho nthawi yaitali.

"Nyumba yathu ili kuno," anatero motsitsa mawu, akuloza pachithunzipo. "N'chifukwa chake sindinkauzindikira msewuwu."

Anabwerera patebulo, nkhope ili yolimba, n'kuvula chikhoti. Mieszko anali atatenga kale kampeni. Analowetsa nsonga pansi pa kafosholo, ndipo kanathothoka pamodzi ndi penti ya milungu yambiri.

"Amalume ukawauze wekha," anatero Jagna, akukoka mpando pafupi naye. "Ine sindikuperekeza. Tsono ndionetse pogwira, ungathyolenso nkhwangwayo."