Miyala m'Thalauzi

Chaka cha 1996 ku Tembwe, sikelo ya kampani yogula thonje ndiyo inali galasi lathu. Matumba akatha kuyezedwa, amuna tinkagwira chitsulo chokolowekapo matumba, kupinda miyendo, n'kulendewera ngati mileme. Kalaliki, a Adam, ankatchula makilo mokweza kuti ndi azimayi omwe amve.

Ine Justin ndinabadwa ndi thupi la bango. Ndikaima cham'mbali, anthu amafunsana kuti ndalowera kuti. Sizinkandivuta mpaka kunabwera a Meshack, aphunzitsi ochokera ku Chipata, a khosi la mizere itatu ndi mimba yolowa m'kalasi eniake asanafike. Atalendewera, singano inathamangira pa 84. Kwa ine inayenda mwaulesi n'kukhala pa 49.

Damaris anali pomwepo, ndipo anaseka. Ameneyu ndi mtsikana amene amalume anali atakandifunsirira kale, kwawo n'kutiuza kuti yankho tidzamva msika wa thonje ukatha. Mpaka lero sindidziwa chimene ankaseka, koma ine ndinagamula ndekha kuti ndi nthiti zanga. Komanso zaka zimenezo munthu woonda sankamufunsa, ankangomuyang'ana mwachisoni n'kumanong'onezana za matenda aja.

Ndinayamba kudya ngati ndalembedwa ntchito. Nsawa, mpunga, nthochi, thobwa. Patatha milungu itatu ndinakalendewera mobisa, a Adam atapita kukadya. Singano sinasunthe. Chakudya chonse chija chinangodutsa osandipatsa moni.

Apa m'pamene ndinakumbukira nzeru ya alimi ena osaopa Mulungu, obisa miyala pakati pa thonje. Ndinagula thalauzi la salaula, lovalidwapo kale, lokwana anthu awiri, ndinasokera timatumba m'kati, n'kudzaza miyala yosalala ya kumtsinje. M'chiuno ndinamanga luzi. Ndinapita kumsika miyendo ili tang'a, ngati mwana amene wadzinyowetsera.

Linali tsiku lomaliza kugula thonje, ndipo bambo ake a Damaris anali pamzere, mwana wawoyo akuwathandiza kukoka matumba. Ndinalendewera. Singano inakafika pa 63.

A Adam anayang'ana singano, kenaka anayang'ana khosi langa. Munthu ameneyu anali atagwira matumba achinyengo zaka zisanu.

"A Justin, manje mwanenepa miyendo yokha? Musatsike, bwana. Thumba likandikayikitsa ndimalipapasa."

Anandipapasadi ndili m'mwamba, manja onse ali pachitsulo. Atangokhudza luzi lija, thalauzi linatsika lokha, miyala n'kugwa gubudu. Singano inabwerera pa 48. Kani kilo imodzi ija masiku onse inali ya thalauzi.

Anthu anaseka mpaka ena kukhala pamatumba awo. A Meshack ndiwo anandifunditsa jekete lawo, lomwe linandifika m'mawondo, n'kundinong'oneza kuti iwo amasirira ine. Adokotala ku boma anawaletsa mchere ndi nyama, ndipo njinga amachita kukankha pakachitunda kalikonse. Chitonthozo cha munthu wonenepa sichilowa bwino uli m'kabudula wam'kati.

Yankho linabwera ndi amalume patatha masiku awiri. Bambo ake a Damaris anati kuonda si mlandu, iwonso ndi oonda, ndipo akazi awo sanadandaulepo. Koma munthu woika miyala m'thalauzi lake lomwe, m'thumba la thonje adzaikamo chiyani? Banja lawo silinayambe labwezedwapo thumba pasikelo, ndipo sakufuna kuyamba ndi mkamwini.

Chaka chotsatira Damaris anakwatiwa ndi Jackson, telala wa ku Chifunda. Ndinapita ku ukwatiwo kuti ndikaone chimphona chimene chinandilanda mkazi. Ndinapeza kamunthu koti mphepo ikawomba muyenera kukagwira. Nthawi ya perekaniperekani ndinavinira dala pafupi naye, n'kuika mkono wanga m'mbali mwa wake. Wanga unali wokulirapo pang'ono. Ndinabwerera kunyumba ndikuyenda ngati bwana.