Mbatata ya m'thumba la Dini

"Anthu atatu anamuona!" Wemin anamenya nsanamira ya siwa ndi chibakera. "Atatu, Ambane! Onsewo ndi akhungu?"

Bambo awo, a Kaupa, anamwalira Lachiwiri. Lachinayi woombeza wa kutsidya kwa mtsinje wa Wahgi anayendetsa nsungwi yake m'mudzi kufunafuna mfiti, nsungwiyo n'kukaima pakhomo pa Dini, mkazi wamasiye wobwera. Lero Lachisanu anyamata anali atamukhazika Dini pabwalo, zitsulo zomuotchera zili pamoto.

"Anamuona akutani, achimwene?" anafunsa Ambane, mlongo wake.

"Akulowa m'nyumba mwa bambo m'mawa uliwonse."

"Inenso ndinkalowamo. Mundiotche."

"Woombeza wati Diniyo anawadya lilime bambo."

"Woombeza anawapeza ali m'bokosi. Dokotala wa ku Kundiawa anawayasamitsa mu Malichi, ine ndili pomwepo. Ndi khansa ya mkamwa, yobwera ndi mtedza wa buai umene ankatafuna chiyambire unyamata. Inu munali ku Lae."

"Dokotala wakoyo anawachiritsa? Amadziwa dzina la nthenda, koma woitumiza samudziwa."

Ambane analuma mlomo. Dokotala anangowapatsa mankhwala opha ululu n'kuwabweza kumudzi.

"Ndipo bambo anandibwerera kutulo," Wemin anapitiriza, "akuloza kumtunda kwa Dini."

"Kumtundako kulinso khola la nkhumba zanu. Kayambeni kufunsa nkhumbazo."

Wemin anatukula dzanja kuti amumenye, koma amayi awo, a Gambugl, anatuluka m'siwa, matope a maliro atauma kumaso. Chiyambire Lachiwiri anali asanalankhule. Anadutsa pakati pa anyamata aja n'kutola thumba loluka la Dini, limene aliyense ankaopa kuligwira. Munali mbatata yootcha, yozizira kale.

"Atatuwo sananame," anatero. "Dini ankabwera kudzawaphwanyira chakudya bambo anu atasiya kutafuna. Ine fungo la bala lija linkandibweza pakhomo."

Anatembenukira kwa Wemin.

"Chaka chimene anamuthamangitsa kwa mwamuna wake pa mlandu ngati womwewu, panalibe wolandira kanthu m'manja mwake. Bambo ako anakhala pansi pomwe waimapo, anthu onse akuona, n'kuchita chonchi."

Anabanthula mbatata ija pakati. Chibanthu chimodzi anachiika mkamwa, kutafuna mosafulumira, n'kumeza. Chinacho anatambasulira Wemin.

Iye anayang'ana anyamata aja, kenako moto. Dzanja la amayi ake silinatsike mpaka analandira.