Malata a Chipinda Chakumbuyo

Sadontha, mmisiri wa madenga, anali pamwamba pa nyumba yake akumanga malata ndi waya pamene galimoto ya chimkuzamawu inadutsa kachitatu. Uthenga unali womwewo: namondwe afika masana omwe ano, amene nyumba zawo ndi zofooka athawire kolimba. Paja amati chakudza sichiimba ng'oma, koma ichi chinaimba mpaka kusasa mawu.

Ali pamwamba pomwepo anayang'ana kumsewu. Amayi atatu, mabulangete pamutu, ana akuwatsata pambuyo, ankalowa pageti la mlamu wake.

Denga la nyumba imeneyo anakhoma ndi iyeyo miyezi iwiri yapitayo. Tsiku lomaliza misomali yaitali inamuthera, ndiye malata a chipinda chakumbuyo anangowagwiriza ndi timisomali ta siling'i, n'kudziuza kuti abweranso mawa. Mawa lija linabala mawa linzake. Sanauze munthu. Ndipo m'chipinda chomwecho ndimo munkagona mlongo wake ndi khanda la masabata atatu.

Anatsika, natola hamala ndi misomali, liwiro mumsewu. Mapepala ndi zigubu zinali zitayamba kale kuuluka.

Anapeza mlamu wake ali pakhomo, akulandira anthu ngati paukwati.

"Lowani, lowani! Denga ili anakhoma ndi alamu angawa. Namondweyo abwere ndi amalume ake omwe!"

Anthu anaseka. Sadontha anamwetulira ndi mano okha. Dzina lakuti Sadontha ndilo linkamudyetsa, ndipo onse amene anali pamenepo ankalidziwa. Anazembera kuseri, maganizo ali oti akwere mwakachetechete, akhome, nkhani ithere pomwepo. Koma atangoimika makwerero, mphepo inawakankha n'kuwagwetsera pampanda. Atakweza maso anaona lata lapangodya likutukuka n'kutsika, likutukuka n'kutsika. Munthu wokwera pamenepo sakanatsika ndi miyendo yake.

Anachita mantha, mantha enieni. Manyazi nawo anali pomwepo, akumugwira mwendo.

Analowa m'nyumba.

"Alamu, chotsani anthu m'chipinda chakumbuyo."

"Chifukwa? Ndimo mulibe zenera lalikulu. Ana onse tawaika mmenemo."

"Kumbuyoko sindinakhome bwino," anatero Sadontha, mawu ali pansi.

"Mukuti chiyani? Kwezani mawu, malatawa akusokosa!"

Sadontha anakuwa kuti aliyense amve: "Ndati ndinakhoma ndi timisomali ta siling'i! Denga lakumbuyo silipirira. Tulutsani ana!"

Mayi wina anagwira pakamwa. "Ha! A Sadontha omwewa?"

Mlamu wake anamuyang'anitsitsa. Woyamba kudzuka anali mlongo wake wa Sadontha. Analowa kuchipinda, natuluka khanda lili pachifuwa, n'kumudutsa mchimwene wake osamuyang'ana n'komwe. Amayi ena anatsatira, uyu wakoka mwana, uyo wakoka matiresi. Anawaunjika ana m'kakhonde ka pakati pa nyumba, kutali ndi mawindo. Sadontha anatseka chitseko cha chipinda chija, nachikhomera thabwa ndi misomali yaitali imene anabwera nayo. Palibe anamuthandiza, palibenso anamuletsa.

Kunja kunada ngati dzuwa lalowa. Mphepo inalira, makoma akunjenjemera. Kenaka kunamveka kung'ambika kwakukulu kuseri kwa chitseko, malata akukuwa pochoka, ndipo mvula inayamba kukhuthukira pabedi pamene khanda linagona kanthawi kapitako. Ana analira. Wina anayamba kupemphera mokweza.

Mlongo wake anawerenga ana ndi chala, nabwerezanso. Onse analipo.

Sadontha anakhala yekha, msana atatsamira chitseko, madzi oyenda pansi pake akumunyowetsa buluku. Sanayerekeze kukweza mutu.

Patapita nthawi anamva mkeka ukukokedwa. Mlongo wake anali atasendeza mwana mmodzi, pambali pake patatsala kampata.

"Achimwene," anatero, maso ali pa khanda, "sunthirani kuno. Mukunyowa."