Kalata M'mimba mwa Namzeze

Loweruka lililonse, nthawi ikangokwana teni koloko m'mawa, mnyamata wina amene ndinkamutcha Wachipewa ankalowa mu shopu ya bambo anga kudzasankha gitala. Anasankha kwa miyezi inayi.

Magitala amene ankamuvutitsa anali awiri, opachikidwa moyandikana pakhoma la kumanzere. Onse anali amagetsi, a mtundu uja wa mphako pang'ono: pakati pali thabwa logwirana, koma m'mbali monse muwiri muli mphako, ndipo pamwamba pali timabowo tiwiri titalititali, topindika ngati nsidze za munthu wodabwa. Ina inali yofiira, ya kampani imene imaika kanyenyezi kumutu kwa gitala. Inayo inali ya maonekedwe a uchi, ya kampani ina, ya chizindikiro cha kambalame kouluka. Bambo sankavutika ndi mayina achilendo olembedwa pamenepo. Ankangoti Nyenyezi ndi Namzeze.

"Mwabweranso, a Sabata Yamawa?" bambo ankatero akangomva nsapato zake pakhomo, poti nthawi zonse ankati agula sabata yamawa.

"Ndabweranso, madala. Mutu wandizungulira. Nyenyezi ili ndi mawu onona, koma khosi lake ndi lonenepa, dzanja limatopa. Namzeze imakhala bwino m'manja, koma ukangoyandikira sipika imalira ngati mwana wa njala."

"Ndiye gulani zonse ziwiri. Ina muziimba, ina muzitsamira."

Wachipewa ankaseka, n'kukankhira chipewa chake kumbuyo, n'kutsitsa Nyenyezi. Ine ndinkapukuta kauntala yoyera kale. Pakuti munthuyo sankasankha gitala ayi. Ankabwerera ine.

Ndinali ndi zaka makumi awiri ndi zitatu, ndipo dziko langa linali lalitali mapazi khumi ndi anayi, kuchokera pa chitseko cha zitsulo cha kumsewu kufika pa katani yolowera kuzipinda zathu ziwiri za kuseri. Kiyi wa chitsekocho ankakhala pa chingwe m'khosi mwa bambo. Achemwali anga anachoka zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo ndi munthu woimba ng'oma mu bandi, ndipo anangolemba kalata imodzi basi. Kuyambira pamenepo bambo ankati anthu a bandi ndi ofunika kuwagulitsa nsambo n'kuwaonetsa khomo.

Ntchito yanga inali kupukuta fumbi, kusintha nsambo, ndi ina imene makasitomala sankaidziwa: kuwerengera bambo. Maso awo ankazima pang'onopang'ono. Anthu ankawazindikira ndi mawu, magitala ankawakonza ndi nsonga za zala, ndipo pakafunika kuwerenga zolembedwa pa paketi ankati magalasi awaiwala kuchipinda. Magalasiwo anasiya kuwathandiza kalekale. Chinsinsi chimenechi tinkachisunga awiri, ndipo chinkandimanga kuposa chitseko cha zitsulo. Chimodzi chokha sankandilola, kukhudza zam'kati mwa gitala. "Zam'mimba si zako," ankatero. "Iwe nsambo ndi fumbi."

Gitala ya mphako pang'ono ili ndi ubwino umodzi kwa munthu wobisala. Ngakhale usailumikize ku magetsi, imanong'ona. Masana bambo akagona pampando wawo, ndinkatsitsa Nyenyezi n'kumaimba motsitsa, khutu langa lili pafupi ndi kabowo. Tsiku lina nditadzutsa mutu ndinaona chipewa kuseri kwa zitsulo za chitseko, ndi maso awiri osaphethira. Anangoika dzanja pamtima n'kuchoka. Loweruka lotsatira anayamba kusankha gitala.

Kulankhulana pamaso pa bambo sikukanatheka, ndiye tinapeza positi ofesi yathuyathu. Ndinkapinda kapepala mpaka kukhala ngati chikhadabo, n'kukamangirira ku kachidutswa ka nsambo yopyapyala, n'kukatsitsira m'kabowo ka pamwamba ka Nyenyezi, nsonga ya nsamboyo ndikuikoletsa m'mphepete mwa bowo. Iye, ponamizira kuyang'ana utoto, ankasolola yanga n'kusiya yake. M'kabowo kameneko munalibe kanthu, mphepo yokhayokha ndi fungo la thabwa. Makalata ake ankatuluka akununkhira thabwa limenelo.

Kalata yomaliza imene ndinalandira kwa iye inali yaifupi. Bandi yawo inapeza ntchito ya miyezi isanu ndi umodzi ku hotela ina ya kutali. Ankafuna woimba gitala wachiwiri. Basi idzanyamuka pakapita masiku khumi ndi limodzi, Lachitatu teni koloko m'mawa. "Zala zako sizinabadwire fumbi," analemba choncho. "Tiye. Zina zonse ndidzazichita mwadongosolo, ndikulonjeza."

Ndinayenda nayo pachifuwa sabata yonse. Lachisanu masana ndinalemba yankho: Ndibwera. Undidikire pa depoti, ndidzanyamula chikwama chobiriwira.

Loweruka m'mawa ndinatuluka kuseri ndi kapepala kanga m'manja, n'kupeza msomali wa Nyenyezi uli wokha. Bambo anali ataigoneka pa tebulo lawo la ntchito, akupala timizere tachitsulo ta pakhosi pake. Wotchi inkati kwatsala mphindi khumi kuti teni ikwane. Ndinazungulirazungulira ngati nkhuku yofuna poikira, kenako ndinayang'ana Namzeze. Timabowo take tinali chimodzimodzi. Ndinatsitsiramo kalata yanga m'kabowo ka pamwamba, n'kukoletsa nsonga ya nsambo. Ndisanapume n'komwe, bambo ananyamuka n'kubwezera Nyenyezi pa msomali wake, ndipo pakhomo panamveka nsapato.

"A Sabata Yamawa," bambo anatero, koma tsiku limenelo sanaseke. "Lero ndi lero. Magitala anga atha utoto ndi manja anu. Musankhe, apo ayi mukasankhire kwina."

"Madala, mpaka pamenepo?"

"Mpaka pamenepo. Mkazi amene adzakudikireni inu adzamera imvi ali pakhomo."

Ndipo anakoka mpando n'kukhala pafupi penipeni ndi khoma la magitala.

Wachipewa anatsitsa Nyenyezi monga mwa masiku onse. Ndinaona chala chake chikuyenda m'mphepete mwa kabowo, kupita n'kubwerera, kupitanso. Nkhope yake inagwa. Anaikumbatira kanthawi, mutu uli pansi, chipewa chitaphimba manja ake, kenako anaipachika.

"Bwanji lero muyese Namzeze bwinobwino," ndinatero. Kanali koyamba kumulankhula pamaso pa bambo.

Anandiyang'ana, n'kumvetsa. Anatsitsa Namzeze, koma asanaikhudze n'komwe pa kabowo, bambo anali atamupatsa kale chingwe cha ampulifaya yokuzira mawu. "Lumikizani timve. Gitala saisankha ndi maso."

Analumikiza. Anakanda nsambo zonse zisanu ndi imodzi. Sipika inangoti thethethe, n'kukhala chete. Anapotoza tozungulira tonse, anakankha swichi uku ndi uku. Zii.

"Mu shopu mwanga gitala siifa," bambo anatero, n'kuilanda.

Anaigoneka pa tebulo la ntchito.

"Mukuona, mnyamata, apa ndi pamene makampani awiriwa amasiyana," anatero bambo, zala zawo zikuyenda pathupi la gitala. "A Nyenyezi mawaya awo onse amawaunjika m'munsi, kumtunda kuno kumakhala kopanda kanthu. A Namzeze swichi yawo anaiika paphewa apa. Ndiye miyendo ya swichiyo ili pansi penipeni pa kabowo aka, yosavala kanthu. Kachitsulo kalikonse kakangoigunda, mawu onse amathawira pansi."

Chala chawo chinaima. Chinali chitapeza nsonga ya nsambo.

Anakoka pang'onopang'ono, ndipo kalata yanga inatuluka ikulendewera ngati kansomba pa mbedza. Anaimasula, anaitambasula, anaiyandikitsa kumaso, kenako anaitalikitsa.

"Magalasi anga ndawaiwala kuchipinda," anatero. "Tawerenga, mwanawe."

Ndinalandira pepala lolembedwa ndi dzanja langa lomwe. Mawu anali pomwepo, Ndibwera, akuluakulu, odindikiza mpaka kuboola pepala. Wachipewa anavula chipewa chake, ndipo kanali koyamba kuona mutu wake wonse. Maso ake ankandipempha kuti ndiwerenge zimene zinalipo. Maso a bambo ankayang'ana penapake pafupi ndi khutu langa, pamene ankaganiza kuti pali nkhope yanga.

Zaka zitatu ndinali ndikuwawerengera, ndipo sindinawanamizepo ngakhale chilembo chimodzi.

"Ndi kapepala ka ku fakitale, bambo," ndinatero. "Akuti gitalayi inayesedwa, ndipo ili bwino."

"Inayesedwa, ndipo ili bwino," anabwereza.

Kachidutswa ka nsambo kanali kadakali m'manja mwawo. Ndinaona chala chawo chachikulu chikutsetsereka mpaka kunsonga, n'kuzungulira pamenepo kawiri. Nsonga ya nsambo iliyonse imene ndadula ndimaipinda kawiri kukhala kamphete, kuti isabaye zala za bambo akamapapasa pa tebulo. Ndinayamba kutero maso awo atayamba kufooka, ndipo manja anga amachita okha osandifunsa.

"Anthu a ku fakitalewa," bambo anatero motsitsa, "ndi oganizira anzawo."

Anaika kansamboko m'thumba la malaya awo. Anatambasula dzanja, ndinawabwezera pepala. Analipinda momwe linalili, n'kulikankhira m'kabowo ndi chala mpaka linagwera m'kati. Analumikiza chingwe, anakanda nsambo imodzi, ndipo Namzeze inalira mokoma mpaka magalasi a kauntala ananjenjemera.

"Sankhani, mnyamata."

"Namzeze, madala."

"Ndinadziwa. Za ku fakitale zipite ndi gitala yake."

Wachipewa anatuluka ndi bokosi lalitali m'manja, yankho langa lili m'mimba mwake. Pakhomo anatembenuka, koma bambo anali ataima pakati pathu.

Lamulungu ndi Lolemba bambo sanatchule za kapepala kaja. Ndikanakonda akanandikalipira, ndikanapeza pogwira kuti ndikwiye. M'malo mwake anasiya kundiitana. Kasitomala atafuna nsambo zopyapyala, anapapasa okha m'shelefu n'kumupatsa zonenepa, ndipo munthuyo anabwerera masana akudandaula kuti madala ayamba kukalamba. Lachiwiri ndinawapeza ataima pa kalendala, mphuno itatsala pang'ono kugunda pepala. Nditati ndiwathandize anati, "Siya. Ndiyenera kuzolowera."

Lachitatu m'mawa chikwama chobiriwira chinali pansi pa kauntala. Chitseko cha zitsulo chinali chotsegula mbali zonse ziwiri, chinthu chimene sichinachitikepo chichokereni achemwali, ndipo kiyi ndi chingwe chake zinali pa kauntala. Kuwala kwa dzuwa kunafika mpaka pakati pa shopu. Kunja njinga zinkadutsa, mayi wina ankaseka pafoni, ndipo msewu wonse unkaoneka ngati wangotsukidwa kumene. Ku depoti ndi ulendo wa mphindi khumi ndi zisanu wapansi.

Bambo anali pa tebulo lawo, akuika nsambo zatsopano pa Nyenyezi, ntchito yanga. Zinayi zonenepa analowetsa. Yachisanu inawavuta koma inalowa. Yomaliza, yopyapyala ngati tsitsi, inkangophonya kabowo ka kiyi wochunira.

Hafu pasiti naini ndinanyamula chikwama.

"Ukamatuluka ukankheko chitseko," anatero osatembenuka. "Fumbi limalowa."

Ndinayenda mapazi khumi ndi anayi aja. Ndinafika pakhomo, phazi limodzi lili kale padzuwa. Ndinaona m'maganizo mwanga chipewa chikusuzumira pawindo la basi, mpando umodzi atauikira bokosi la gitala kuti wina asakhalepo. Ndinaona magetsi a hotela, ine nditavala diresi lalitali, zala zanga zikuyenda anthu ali chete.

Kumbuyo kwanga bambo anati "ish" motsitsa kwambiri, ngati munthu amene sakufuna kumveka.

Sindikanatembenuka. Ndinatembenuka. Nsonga ya nsambo inali itawabaya pachala chachikulu, ndipo ankapukuta magazi pa buluku, n'kuyambanso kusaka kabowo, nkhope ili pafupi ndi mutu wa gitala moti nsambo ikanaduka ikanawamenya m'diso. Anaphonya. Anayesanso. Anaphonya.

Ndinaganiza kuti ndingowalowetsera imodzi yokhayo, mphindi imodzi basi. Ndinaika chikwama pansi. Ndinalowetsa nsambo, ndinaizunguliza, ndinaidula, ndipo manja anga anapinda nsonga yake kawiri. Kenako panafunika kuchuna. Kenako panalowa mphunzitsi wina wofuna kudziwa zolembedwa kuseri kwa ampulifaya yake, ndipo bambo anayamba kupapasa m'matumba kufuna magalasi. Ndinamuwerengera.

Nditadzutsa mutu, wotchi inali itadutsa teni.

Mphunzitsi atachoka, bambo anatsegula dirowa imene sindinkaloledwa kuikhudza, natulutsa kagalasi kakang'ono kozungulira ka pa kamtengo, kofanana ndi ka dokotala wa mano, ndi tochi yaing'ono.

"Bwera kuno," anatero. "Ine sizindithandizanso izi. Uyambe kuphunzira zam'mimba, usadzaphenso gitala ya munthu."

Anatenga kiyi pa kauntala n'kundiveka m'khosi. Chingwe chake chinali chofunda, ndipo kiyiyo anali wolemera kuposa mmene ndinkaganizira.

"Yamba ndi kabowo ka pamwamba. Lowetsa galasi, uunike."

Ndinawerama pa Nyenyezi. Fungo la thabwa linandimenya kumaso. M'kagalasi munaoneka mphako yofiirira, timizere ta guluu wouma, ndipo pakona penipeni, pamene chala sichingafike, kapepala kopindidwa ngati chikhadabo, kopanda nsambo. Ndinakumbukira mutu wa Wachipewa uli pansi Loweruka lija, chipewa chitaphimba manja.

"Ukuona chiyani?" bambo anafunsa.

Ndinazimitsa tochi.

"Fumbi lokhalokha, bambo."